Tisadikire tsoka kuti tikumbukire agalu a polisi

Mu Epulo 2025 akuluakulu a polisi mumzinda wa London analengeza kuti ndalama zoyendetsera ntchito zawaperewera ndi mapaundi 260 miliyoni, ndipo achepetsa apolisi ndi antchito ena okwana 1,700. Mwa nthambi zomwe zinakhudzidwa munali ya apolisi oyenda pa akavalo, yomwe anati aidula ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, komanso ya agalu. Munthu wa kuno ku Lilongwe akamva zimenezi atha kungoti, "Zawo izo, ife tikulira mafuta ndi feteleza." Ndikumumvetsa. Komabe ine nkhaniyi yandikhala pamtima, chifukwa agalu a polisi nafenso tili nawo, amagwira ntchito imene munthu sangaigwire ngakhale atakhala wakhama bwanji, ndipo momwe ndalama zimathera kwathu kuno ndi moopsa kuposa ku London.

Anzathuwo amalengeza poyera. Amatchula chiwerengero, aphungu amafunsa mafunso, atolankhani amapita kumakola kukajambula, anthu amasaina makalata odandaula. Kwathu nthambi ya boma imatha kufota mwakachetechete, ndalama zake papepala zili zomwezo. Mu Meyi 2022 kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 anaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika 1,700 kubanki. Tsono taganizirani zomwe galu wogwira ntchito amafuna. Chakudya cha agalu cha m'matumba chomwe timachiona m'masitolo akuluakulu, chambiri chimachokera ku South Africa. Katemera ndi wakunja, mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba ndi akunja, mafuta a galimoto yomunyamulira nawonso ndi akunja. Pa mtengo umenewo, ndalama yomwe inkagula matumba atatu a chakudya inayamba kugula awiri kutangocha, popanda nduna iliyonse kuimirira m'Nyumba ya Malamulo kunena kuti yadula kanthu. Galu alibe kokadandaula, ndipo womuyang'anira amakhala wapolisi wapansi, yemwe mwambo wa ntchito yake sumulola kulankhula pagulu.

Ambiri a ife tinakula tikudziwa agalu a mitundu iwiri. Pali wa kumudzi wopita naye ku uzimba, yemwe amadya mkute ukatsala, ndiye pali wa kumpanda ku Area 10 kapena ku Area 43, yemwe timamudziwira pa chikwangwani cha pageti komanso pa kuuwa kwake. Galu wofufuza wa polisi ndi winanso. Ntchito yake yonse ili m'mphuno. Akatswiri amati mphuno ya munthu ili ndi timinyewa tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni, pomwe ya galu imatha kufika 300 miliyoni kutengera mtundu wake. Chodabwitsa kwambiri n'choti galu amalekanitsa mafungo osakanikirana, lililonse palokha. N'chifukwa chake wozembetsa chamba akachiika pakati pa matumba a usipa, kapena akathira mafuta onunkhira pa katundu, amanamiza ife anthu basi. Galu amamva usipa, amamva mafutawo, ndipo chamba chija amachimvanso.

Ndinamuonapo galu wotere ali pantchito pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, tsiku lomwe tinkaperekeza m'bale wathu. Anali wochepa thupi kusiyana ndi momwe ndinkaganizira, makutu ali chilili, chingwe chake chili lende. Zikwama zinali zitandandalikidwa pansi. Womuyang'anira sankakuwa kapena kukoka chingwecho. Ankangoloza ndi dzanja m'mbali mwa zipi ndi m'makona a chikwama, akulankhula motsitsa mawu. Galuyo ankapuma mothamanga, timpweya tifupitifupi tomveka ukakhala pafupi, mchira ukugwedezeka. Pa chikwama china anadutsa, kenako anabwerera, nanunkhizanso pansi pake, n'kupitirira. Atafika pa bokosi lakumapeto anangokhala pansi, maso ali pamenepo, osauwa, osakanda. Bamboyo anatulutsa mpira m'thumba n'kumuponyera, ndipo galu uja, yemwe mphindi yapitayo anali wofatsa ngati mlembi wa m'khoti, anayamba kudumphadumpha ndi chisangalalo. Umo ndi momwe amawaphunzitsira. Galu sadziwa kuti minyanga ya njovu ndi yoletsedwa. Amangodziwa kuti akapeza fungo lakutilakuti, mpira wake ubwera. Ndipo poti masiku ambiri amatha osapeza kanthu, womuyang'anira amamubisira dala kachidutswa kophunzitsira kuti apeze, asagwe mphwayi.

Agalu ofufuza zinthu zochokera ku nyama zakutchire anayamba ntchito m'dziko muno mu 2018, apolisi atagwirizana ndi nthambi yoona za malo osungira nyama, mothandizidwa ndi mabungwe. Sanabwere mwangozi. Dziko lathu linali litatchuka ngati njira yophweka yodutsitsira minyanga. Mu 2013 kunagwidwa minyanga 781 yochokera ku Tanzania, yolemera matani 2.6, yomwe inadzatenthedwa ku Mzuzu mu Malichi 2016, ndipo amene anapezeka nayo anangolipira chindapusa n'kumapita kwawo. Mu 2017 lamulo linasintha, chilango chinakwera mpaka zaka 30 m'ndende. Mu 2021 khoti ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, yemwe ankatsogolera gulu lalikulu la ozembetsa, kukakhala kundende zaka 14 pa milandu ya nyanga za chipembere ndi kubisa ndalama zopeza mwachinyengo. Koma lamulo lokhwima limagwira ntchito pokhapokha katunduyo akapezeka. Mamba a ngaka amakwana m'kathumba ka shuga. Nyanga yodulidwadulidwa imalowa m'kati mwa chiboliboli kapena m'thanki ya galimoto. Wapolisi wa pa Jenda kapena pa Zalewa sangatsitse katundu yense wa m'lole iliyonse yodutsa. Mzere ungafike kutali ndipo madalaivala angaukire. Galu amazungulira loleyo m'mphindi zochepa.

Anthu ena amati zimenezo ndi za njovu ndi azungu okonda nyama. Amenewo ndimawakumbutsa za Malichi 2023. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, komanso ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Tinaona pa kanema abale athu akukumba ndi makasu, ndi mafosholo, ena ndi manja enieni, osadziwa n'komwe poyambira chifukwa mudzi wonse unali utasanduka bwalo limodzi la matope. Agalu onunkhiza anagwira nawo ntchito yolondola pomwe panakwiririka anthu. Amene sanataye m'bale mwanjira imeneyi mwina sangamvetse kulemera kwake. Kwathu kuno maliro opanda mtembo satha. Mayi amene sanaike mwana wake m'manda amakhalabe akuyang'ana kunjira zaka ndi zaka. Galu amene waima pamalo amodzi pakati pa matope ochuluka chotero wapatsa banja mwayi wolira n'kumaliza. Ndipo anamondwe sakuleka: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023.

Koma munthu wamba amaisowa mphuno imeneyi ngakhale pa zinthu zazing'ono zomwe sizifika m'nyuzipepala. Mlamu wanga ali ndi kagolosale m'dera lina chakumpoto kwa mzinda uno. Usiku wina m'dzinja akuba anaboola khoma lakumbuyo, lomwe njerwa zake anamangira dothi, n'kulowa. Anatenga shuga, mafuta ophikira, sopo, batire ya sola ndi ndalama zomwe amatumizira anthu pa foni. Titafika m'mamawa, mapazi awo ankaoneka bwinobwino m'matope. Wina anavala nsapato za pulasitiki zokhala ndi mizeremizere kunsi, wina analibe nsapato, chala chake chachikulu chotalikirana ndi zinzake. Mapaziwo anadutsa kuseri kwa bafa n'kulowa m'munda wa chimanga, ndipo pa minga ya m'malire panakodwa kansanza ka malaya. Pomwe dzuwa linkakwera, anthu a m'dera lonse anali atafika kudzapepesa, aliyense akufuna kuona bowolo ndi maso ake, ana akuthamangathamanga m'chimangamo. Mapazi aja anafufutika ife tikuona.

Wapolisi anafika pa kabaza, bambo waulemu wake, n'kulemba zonse m'kabuku. Mlamu wanga, maso atafiira, anamufunsa kuti, "Bwana, nanga agalu timamva aja, simungabwere nawo?" Iye anayang'ana pansi pomwe tinali titapondaponda, n'kuyankha kuti, "Mayi, fungo silidikira. Pakanatchingidwa m'mawa muja, galimoto n'kupezeka, mwina tikanayesa." Bambo ameneyo sindimuimba mlandu. Ananena zoona zokhazokha. Galu wolondola mapazi amafunika kufika msanga, dzuwa lisanaumitse nthaka, anthu asanasokoneze njira, ndipo zimenezo zimafuna galimoto yamoyo, mafuta m'thanki ndi munthu woyankha foni usiku. Ifenso anthu tili ndi mbali yathu, chifukwa palibe amene anatiphunzitsa kuti pamalo pomwe pachitika umbanda sipopondaponda.

Chomwe chinandiopsa chinabwera madzulo. Anthu anayamba kunong'onezana dzina la mnyamata wina wa maganyu, chifukwa choti dzulo lake anamuona ataima pafupi ndi golosaleyo. Wina anati tipite kwa sing'anga. Wina anati timugwire, aulula yekha. Amene anaziziritsa zinthu ndi agogo ena aamuna oyandikana nawo, omwe anatenga kampando kawo n'kukakhala pakhomo pa mnyamatayo mpaka mdima, osasuntha. Tonse mumzinda uno tikudziwa momwe nkhani zotere zimathera pakasowa agogo otero: miyala, matayala, petulo ndi machesi. Anthu amadziweruzira okha akataya chikhulupiriro choti wakuba weniweni adzapezeka, ndipo amene amafa nthawi zambiri ndi wosauka, wachilendo kapena wodwala misala. Galu akanalondola mapazi aja mpaka kumsewu kumene mwina kunali njinga yodikira, ngakhale akanapanda kugwira munthu, akanachotsa maso a anthu pa mnyamata uja.

Ndisanamize anthu kuti galu salakwitsa. Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe, komatu galu amathanso kukanda pofuna kusangalatsa mbuye wake. Mu 2011 ofufuza a pa yunivesite ya California ku Davis anayesa agalu 18 pamodzi ndi owayang'anira m'zipinda momwe munalibe mankhwala ozunguza bongo kapena zophulika zilizonse, koma owayang'anirawo anawauza kuti zingakhalemo. Agaluwo analoza malo opanda kanthu maulendo oposa 200, ndipo kwambiri ankaloza pamalo pomwe munthuyo ankakhulupirira kuti pali kanthu. Galu amawerenga thupi la mbuye wake: kaimidwe, kagwiridwe ka chingwe, kapumidwe. Chothetsera vutoli ndi maphunziro osalekeza, sabata ndi sabata, ndi mayeso omwe ngakhale womuyang'anira sadziwa pomwe abisa chinthu. Tsono ndalama zikachepa, zoyamba kusiyidwa zimakhala zimenezi, chifukwa kuzisiya sikuoneka. Galu amakhalapobe m'khola, yunifolomu ilipo, pa perete amaonekera bwino. Koma mphuno yake yasiya kudalirika, ndipo tsiku lina adzakhala pansi pafupi ndi chikwama cha munthu wosalakwa. Ndi bwino kukhala ndi agalu ochepa ophunzitsidwa mokwanira kusiyana ndi khola lodzaza agalu amene khoti silingawakhulupirire.

Pali chinanso chomwe sitingachilambalale. Anthu akuda a kuno kum'mwera kwa Africa tili ndi chifukwa choopera galu wa polisi. Agogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba anabwera ndi mabulangete ndi mawailesi, komanso ndi nkhani za agalu omwe apolisi a tsankho ankawakhwirizira anthu. Ngakhale tsankho litatha, mu 2000 wailesi ya kanema ya ku South Africa inaonetsa filimu yojambulidwa mu 1998, apolisi achizungu akukhwirizira agalu pa amuna atatu ochokera ku Mozambique, ati pophunzitsa agaluwo. Ku Birmingham m'dziko la America, mu 1963, agalu analuma anthu akuda, ena a iwo ana a sukulu, omwe ankaguba kufuna ufulu wawo. Munthu akanena kuti sakufuna msonkho wake udyetse galu wa polisi, mwina zomwe akuona m'maso mwake ndi zimenezi, ndipo ine sindingamutsutse.

Maganizo anga ndi oti tilipire mphuno, mano tiwasiye. Dziko lomwe linataya anthu 20 pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, ndipo linakhala miyezi yambiri mu 2019 likupuma utsi wokhetsa misozi kuyambira ku Old Town mpaka ku Msundwe, silikusowa chida china choopsezera anthu. Galu wofufuza safunika n'komwe kukhala wolusa. M'maiko ambiri amagwiritsa ntchito tiagalu ta makutu akugwa tomwe mwana atha kutisisita. Ngati pali agalu ogwira zigawenga zokhala ndi zida, aliyense amene alumidwa alembedwe m'buku, ndipo bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la polisi la 2010, lizitha kuona bukulo.

Chomwe owerengera ndalama amaiwala n'choti nthambi ya agalu sungaitseke chaka chino n'kudzaitsegula chaka chamawa ngati momwe umaimikira galimoto. Galu amasankhidwa ali wamng'ono, ndipo ambiri amalephera mayeso: wina amaopa phokoso, wina amatopa msanga, wina alibe chidwi ndi mpira. Wokhoza amaphunzira miyezi ingapo, amayamba ntchito ali ndi chaka chimodzi ndi theka kapena ziwiri, ndipo akamafika zaka zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi miyendo yayamba kuvuta. Zaka zogwira ntchito ndi zochepa choncho. Ukapanda kuphunzitsa ana agalu lero, pakangotha zaka zingapo khola lonse limakalamba pamodzi. Womuyang'anira nayenso amatenga zaka kuti adziwe kuwerenga mchira ndi makutu a galu wake, ndipo akangomusamutsira ku ntchito ya pamsewu, luso lonselo lapita naye. Onjezanipo nyengo yathu. Kukatentha mu Okutobala galu amapumira m'kamwa, ndipo galu wotulutsa lilime sanunkhiza bwino, choncho amagwira ntchito kanthawi kochepa n'kupuma pamthunzi. Nkhupakupa zimabweretsa matenda a m'magazi, ndipo kumalo okhala ndi kashembe, monga kufupi ndi nkhalango za Kasungu ndi Nkhotakota, galu wochokera kunja amatha kudwala n'kufa mwachangu.

Nanga akakalamba? Funso ili limandipweteka, chifukwa ndaona momwe timachitira ndi anthu olondera amene agwira ntchito usiku moyo wawo wonse. Ku Nottinghamshire, ku England, mu 2013 anayamba kupereka ndalama zofika mapaundi 500 pachaka, kwa zaka zitatu, zolipirira chithandizo cha galu wopuma pantchito. M'dziko lomwelo, galu wina dzina lake Finn anabayidwa ndi mpeni mu 2016 poteteza womuyang'anira, ndipo zinapezeka kuti pamaso pa lamulo kumubayako kunali ngati kuononga katundu. Mu 2019 anakhazikitsa lamulo latsopano loteteza nyama zogwira ntchito. Sindikunena kuti tipereke penshoni kwa agalu pomwe aphunzitsi opuma amadikira zawo mpaka kutopa. Ndikungonena kuti galu amene wagwirira dziko ntchito asathere pa unyolo akudya gaga, kapena kusiyidwa m'manja mwa wapolisi yemwe malipiro ake sakwanira ndi ana ake omwe. Thumba la chakudya pamwezi ndi katemera wa chiwewe pachaka sizingagwetse boma.

Za akavalo ndili ndi maganizo ena. Ine sindinakumanepo ndi wapolisi wokwera kavalo m'misewu ya Lilongwe. Nyama zomwe timapatukirana nazo ndi abulu okoka ngolo za njerwa ndi mchenga. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe apolisi a pa akavalo aliko, ndipo kumaiko a azungu ndiwo amayamba kuchotsedwa ndalama zikavuta. Mzinda wa Boston unatseka nthambi yake mu 2009, nthambi yomwe inayamba mu 1873. Ku Britain, m'zaka zochepa zitangoyamba ndondomeko zochepetsa ndalama za boma mu 2010, madera a polisi okhala ndi akavalo anatsika kuchoka pa 17 kufika pa 12. Kafukufuku wa mu 2014 wa yunivesite ya Oxford ndi bungwe la RAND Europe anapeza chinthu chosangalatsa: anthu ankayandikira ndi kucheza ndi apolisi a pa akavalo kuwirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi oyenda pansi. Munthu amabwera kudzasisita kavalo, kenako amayamba kulankhula ndi wapolisi, ndipo m'macheza amenewo ndi momwe mumatuluka nkhani za m'dera.

Pa chikhamu cha anthu, wokwera kavalo amaona patali, anthunso amamuona, ndipo mzere wa akavalo umatha kugawa khamu pang'onopang'ono popanda kuponya kanthu. Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira pa 6 Julayi 2017, pomwe anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri mwa iwo ana, anafa popondana pa geti la Bingu National Stadium, tsiku lokondwerera ufulu wa dziko lathu. Anthu anabwera kudzaonera Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers mwaulere, mageti anachedwa kutsegulidwa, khamu linadzadzana, ndipo utsi wokhetsa misozi utaponyedwa aliyense anathawira kwake. Komabe sindikhulupirira kuti kavalo ndiye akanapulumutsa ana amenewo. Akanawapulumutsa ndi geti lotsegulidwa pa nthawi yake, mizere yokonzedwa bwino ndi munthu mmodzi waulamuliro wokhala ndi chimkuzamawu.

Kavalo ndi wokwera mtengo kwambiri kwa ife. Amafuna msipu ndi chakudya chapadera, wosula zitsulo za kumapazi pakatha milungu ingapo iliyonse, galimoto yake yomunyamulira, ndi katemera wa chaka ndi chaka wa matenda a akavalo ofala ndi tizilombo touluka, omwe amapha kwambiri m'chigawo chino cha Africa. N'chifukwa chake akavalo m'dziko muno timawaona m'malo ochepa okopa alendo, monga ku Kande. Phunziro la kafukufuku uja tingalitenge popanda kugula kavalo ngakhale mmodzi. Chomwe anthu amafuna ndi wapolisi wofikirika, yemwe amayenda pansi m'misika ya Kawale, Chinsapo ndi Mgona masana, wodziwika dzina, woti mayi wogulitsa mandasi atha kumuitana kuti "achimwene" n'kumuuza za nyumba ina yomwe kukulowa katundu usiku. Nsapato zolimba ndi njinga zingatipatse zimenezo.

Funso lalikulu ndi loti alipire ndani. Ntchito zambiri zoteteza zachilengedwe m'dziko muno zimadalira thandizo lakunja, ndipo tawaona kale mavuto a kudalira kotere. Mu 2013, nkhani ya Cashgate itaphulika, maiko otithandiza anaimitsa ndalama zomwe ankathira m'bajeti, zomwe panthawiyo zinali pafupifupi 40 peresenti ya bajeti yonse. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, ndipo mabungwe ambiri mumzinda uno anatumiza antchito kunyumba m'milungu yochepa. Msonkhano wa kuhotela utha kuimitsidwa, galimoto itha kuimikidwa, koma galu amafuna kudya m'mawa uliwonse. Amene anatithandiza kuyamba ntchitoyi tiwathokoze ndi mtima wonse, ndipo chakudya, katemera ndi mafuta tizilipira tokha, pa mzere wakewake m'bajeti womwe phungu aliyense atha kuuona. Aliyense wokwera ndege pa Kamuzu ndi pa Chileka amalipira kale misonkho ya pabwalo, ndipo alendo amalipira polowa ku Liwonde ndi ku Majete. Kagawo kakang'ono ka ndalama zotere kangathe kusamalira agalu omwe amateteza mabwalowo ndi nyama zomwe alendowo amadzaona.

Tingathenso kuchepetsa kudalira dola. Soya timalima tokha kuno ku Lilongwe, ku Mchinji ndi ku Kasungu, chimanga tili nacho, usipa ndi zotsalira za nkhuku zimapezeka, ndipo makampani opanga chakudya cha ziweto alipo kale ku Kanengo. Ku Bunda, yunivesite ya LUANAR ikuphunzitsa madokotala a ziweto, ntchito yomwe kale ana athu ankakaphunzira kunja. Ophunzira amenewa angathandize kupanga chakudya choyenera galu wogwira ntchito, kuyang'anira umoyo wa agalu a boma ndi kusankha ana agalu obadwira konkuno, ozolowera kale kutentha ndi nkhupakupa zathu.

Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndipo aphungu amakambirana bajeti mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi yomweyo imene anamondwe amatifikira. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo ili ndi mphamvu yoitana akuluakulu a polisi a ku likulu lawo ku Area 30 n'kuwafunsa mafunso osavuta. Agalu ogwira ntchito alipo angati, ndipo ali ndi zaka zingati? Ali m'zigawo ziti, ndipo angafike ku Phalombe kapena ku Karonga m'maola angati? Ndi angati amene anaphunzitsidwa kufufuza anthu okwiririka? Akuwadyetsa ndani, ndipo odzalowa m'malo mwawo akuphunzitsidwa kuti? Mafunso amenewa ndalembera phungu wa dera lathu, ndipo ndikupempha abale a ku Chilobwe, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje kuti nawonso alembere awo.